Kamotoka Kosanyamula Bokosi

Ku Nyimba ukagula motoka, wagulila mudzi wonse. Wodwala ndi wako, mkwati ndi wako, malilo ndiye osanena. A Whiteson Sakala anazidziwa bwino zimenezi. Anayendetsa vaneti yawo zaka zambili, ndipo palibe manda a kuno amene matayala ake sanapondeko. Anthu anachita kuiwala kuti inagulidwila chimanga ndi thonje.

Imvi zitadzala m'mutu anaigulitsa, nabwela ndi kamotoka kofiila ka dizilo, ka zitseko ziwili zam'mbali ndi chimodzi kumbuyo, mimba yake pafupifupi kukhudza pansi. Pamsika anthu anafa nako kuseka. Nkhalamba yonseyi m'kamotoka ka anyamata! Koma a Sakala sanabise chifukwa.

"Umu bokosi sililowa," ankatelo akumenya denga lake. "Akufa ndanyamula okwanila. Ndinyamuleko amoyo tsopano."

Ndipo kankathamanga, ee! Pa tala wopita ku Petauke ankangoponda pang'ono, iko kanapita kale, mafuta n'kumangonyambita. Akazi awo, amai Eneless, ankagwila mpando ndi manja awili n'kumati, "Atate a Charity, mukuthamangila chiyani? Kumwamba satseka." Koma kutsala sankatsala ayi. Injini ikangolila, iwo chitenje chili kale m'chiuno.

Chaka chatha amai Eneless anayamba kuonda. Anagona m'chipatala ku Petauke mpaka tsiku lina dokotala anaitanila a Sakala pambali nalankhula motsitsa mawu. Mayiwo anangoona nkhope ya amuna awo, nadziwa zonse.

"Mukudziwa kale kuti ndikagona kwathu ku Luembe, pafupi ndi amama," anatelo. "Tsono kamotoka kanu sikanyamula bokosi. Ndipelekeni ndikali kupuma, ndikhale kutsogolo monga masiku onse. Sindifuna kukafika kwathu pamwamba pa lole ngati thumba la mbeu."

Mawu amenewa anawalasa a Sakala. Mwana wawo Charity anachondelela kuti apeze motoka yaikulu, poti mseu wa ku Luembe ndi wa ngolo ndi malole a thonje. Mayi ake anakana kwamtuwagalu. Motelo m'mawa mwake a Sakala anagoneka mpando wakutsogolo, nayalapo mapilo, nawanyamula akazi awo okha.

Pa tala zinali bwino. Atapatukila mseu wadothi, mantha anawagwila a Sakala. Akathamanga, dzenje lililonse linkawabuulitsa mayiwo. Akachedwa, nanga mpweya ukathela panjila? Anasankha kukwawa. Anthu apanjinga ankawapitilila akucheuka. Pena inawadutsa ngolo ya ng'ombe, mwini wake n'kuwafunsa ngati motoka yafa. Miyala inkakhula kunsi kwa kamotoka, a Sakala osasamala n'komwe, maso ali pa chifuwa cha akazi awo kuona ngati chikukwela ndi kutsika.

Pa kamtsinje kouma bampala inazika mumchenga. Bampala yomweija ankaipukuta Loweluka lililonse, osalola ngakhale nkhuku kuyandikila. Anatsika, naizula ndi manja awo, naiponya m'tchile.

"Amake Charity, mulipo?" anafunsa atalowanso.

"Ndilipo," anayankha chapansipansi, maso ali chitsekele. "Lelo ndiye mwaphunzila kuyendetsa."

A Sakala anaseka misozi ikutsika.

Anafika dzuwa litapendeka. Mitengo ya mango ya kwawo itaonekela, amai Eneless anapempha kuti awadzutseko pang'ono. Anakonza duku lawo, natulutsa dzanja pawindo.

"Lizani huta," anatelo. "Adziwe kuti ndabwela ndekha."

Huta inalila. Azing'ono awo anatuluka m'nyumba akuthamanga, ndipo anawalonjela monga alonjelela mlendo. Amai Eneless anamwa madzi a pachitsime cha kwawo, anaona zidzukulu za abale awo, anakalipilako wina chifukwa chosasesa pabwalo. Patapita masiku ochepa anatsikila kuli chete. Bokosi lawo linapita kumanda pamapewa a abale, motoka sinafunike.

Kamotoka kaja kalipo mpaka lelo ku Nyimba, kopanda bampala, ndipo anyamata amati kanatha mphamvu poti sikathamanganso. Sikanathe ayi, mwini wake ndiye alibenso womudzudzula. Mukawapempha a Sakala kuti akupelekeni, sakana. Koma amayamba atsika iwo, n'kupinda mpando wawo kuti mulowe kumbuyo kudzela kwa dalaivala. Mpando winawo ukali chigonele momwe anaugonekela tsiku lija, ndipo safuna kuudzutsa.