Mlendo Wagwira Mwana Wosatenga

Mayi Nelia Naphiri a ku Nsaru si munthu wouzidwa chochita. Amuna awo atamwalira, abale a malemu adakokolola njinga, wailesi ndi malata omwe, koma ng'ombe ziwiri za mkaka adazisiya poopa thukuta lodula nsenjere. Ng'ombe zomwezo ndizo zidadzaza khola, moti lero a kuyunivesite amatumizako ophunzira za ulimi kudzachita atachimenti. Amagona m'kanyumba ka kuseri, kulawirira kukama ndi kupala ndowe. Waulesi Anaphiri amamkalipira ngati wobala okha.

Chaka chino kudabwera Mwaiwathu, mtsikana wokulira m'tauni, wovala magambutsi omukulira. Adapeza Sofia, mwana wa Anaphiri, ali ndi khanda lomwe mwambo wotenga mwana unali usanachitike. Mwana wotere amati ngozizira. Akamgwira munthu wotentha, ndiye kuti amene wagona ndi mwamuna, akuti amadwala tsempho, miyendo ndi masaya nkutupa.

Tsiku lina Sofia akuyanika matewera, linthumbu lidakwera pamphasa pomwe adagoneka mwana. Mwaiwathu adaponya chidebe nkumutola. Sofia pocheuka adaona mwana ali m'manja mwa mlendo. Sukulu adafika nayo Fomu 3, za tsempho ankati nzakale, koma uyu anali mwana wake woyamba. Adamlanda osathokoza nkomwe, nayamba kudina timapazi kuona ngati tatupa.

Nkhani ilibe mwendo koma imayenda. Dzuwa lisanapendeke, apongozi ake a Sofia anali atafika, chitenje chili m'khosi.

"Asewere, mlendo wanuyu achoke lero. Ana a payunivesite timawadziwa. Iwe mtsikana, nena zoona, ndiwe wotentha eti?"

"Ayi amayi, malungo ndidachira kalekale," adatero Mwaiwathu. "Ndigwireni pachipumipa mumve."

Anaphiri adaseka mpaka kutsamira mzati wa khola. Apongozi sadaseke. Atamlongosolera tanthauzo lake, mtsikanayo adazyolika, misozi ili lengelenge. Kubwezedwa atachimenti isanathe kunali kubwereza chaka chonse.

"Asewere," adatero Anaphiri, "mwana wa eni ake uyu ndidamlandira ndine. Za kumphasa kwake sindifunsa, monganso sindinafunsepo zanu. Inuyo dzulo munanyamula mdzukuluyu, abambo akunyumba alipo amoyo. Tinakugwirani pachipumi?"

"Mukunditukwana?"

"Ndikufunsa chabe. Koma khandali lili ndi mayi wake. Sofia, nena iwe."

Sofia adayang'ana apongozi, amene mawu awo amatha kugwedeza banja lake. Adayang'ananso tizilonda tiwiri ta linthumbu pakhutu pa mwana. 

"Amayi, pepani," adatero Sofia. "Asachoke. Akadaopa mwambo, linthumbu likadalowa m'khutu. Mwanayu akatupa ndithamanga naye kuchipatala ndekha, mlandu udzakhala wanga."

"Zako zimenezo! Usadzandidzutse," adatero apongozi, nakutumula chitenje, ulendo osatsazika.

Anaphiri sadawaperekeze. Adatembenukira kwa Mwaiwathu.

"Ukulira chiyani? Ng'ombe zikudikira iwe. Kasambe m'manja, ndipo chidebe udataya chija ukachitsuke kawiri."

Sofia adakhala pakhonde mwana ali pamiyendo. Mantha sadamthere. Adadinanso kaphazi, khungu lidabwerera bwinobwino. Kenaka adaitana cha kukhola:

"Achemwali! Mukamaliza mubwere, tiyi wanu ndaphimbira."