Maenvulopu a Mayi Eluby

Mukafika ku Domasi n'kufunsa za mayi Eluby Makaiko, anthu amayamba akufunsani kuti, "Aja a sikelo?" Dzinalo linawamatirira ngati chisoso pa chitenje. Anabadwira kuseri kwa Domasi Mishoni, mwana wachitatu wa kalipentala wina wokhoma mabenchi ndi zitseko, ndipo sukulu anaiyenda mpaka fomu folo, kumene masamu anawagwetsa kawiri. Iwo amati masamu sanawagwetse ayi, anangosemphana nawo zochita. Amuna awo anapita ku Joni kukasaka ntchito chaka chimene chitsiriza chawo chinabadwa, ndipo zikuoneka kuti mpaka lero akusakabe. Ana awo atatu anawalera ndi dimba la tomato ndi mpiru m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi.

Koma ntchito ya kumtima kwawo inali sikelo ya ana. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankadzipereka, kupachika ana pa sikelo pansi pa mtengo wa mango, kulemba makilo m'timabuku ta kuchipatala ndi kudzudzula amayi oletsa ana kuyamwa msanga. Mwana aliyense wa m'midzi imeneyo ankamudziwa kulemera kwake, bambo ake, ndiponso ngati kwawo amadya kawiri kapena kamodzi. Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene aliyense ankawayamikira nacho: ankakonza mzere. Akaona mwana wotentha thupi ali kumbuyo, ankagwira dzanja mayi ake n'kupita nawo kutsogolo, ndipo wong'ung'udza ankangomuyang'ana kamodzi, nkhani n'kutha. Kwathu kuno timatero. Wodwala kwambiri ndiye ayambe, ndipo amene sadziwa zimenezi sanaleredwe.

Chaka cha 2022 kunabwera anthu ofufuza za ubongo wa ana. Mtsogoleri wawo anali Dokotala Husna, mayi wamfupi wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Ankafuna ana amene anadwalapo malungo a mu ubongo n'kupulumuka. Malungo amenewa amakomola mwana masiku awiri kapena atatu, ndipo ena akatsitsimuka sabwerera mwakale. Mwana amene ankadziwa kuwerenga amayamba kuiwala, ukamutuma mchere amabwera ndi machesi, m'kalasi amangoyang'ana kunja. Ena amati wapusa, ena amati amulodza. Dokotala Husna anali ndi masewera a pa tabuleti olimbitsa kukumbukira ndi kutchera khutu, ndipo ankafuna kudziwa ngati amathandizadi. Anatsegula zipinda zitatu, ku Naisi, ku Malosa ndi ku Domasi, ndipo analonjeza pamaso pa makolo kuti zotsatira zikaonetsa kuti masewerawo amathandiza, zipindazo sizidzatsekedwa, mwana aliyense wofunika thandizo azidzalowa. Ku Domasi sanavutike kusaka munthu wogwira ntchitoyo. Aliyense analoza mayi Eluby.

Kusankha ana kunali kwa maere. Panali maenvulopu omata, olembedwa manambala. Mwana woyamba kufika ankatenga envulopu yoyamba, wachiwiri yachiwiri, mpaka onse kutha. Wopeza khadi lobiriwira ankayenera kusewera katatu pa sabata kwa chaka chathunthu. Wopeza lofiira ankangoyesedwa poyamba ndi pomaliza, n'kumadikira. Pa maphunziro a masiku atatu Dokotala Husna anafotokoza chifukwa chake. Anati ukafuna kudziwa ngati feteleza wachilendo ndi wabwino, suthira pa nthaka yoguga yokha n'kukafanizira ndi chimanga cha pachulu. Mizere yothira ndi yosathira iyenera kuyamba yofanana, ndipo amene amafananitsa ndi maere, chifukwa maere alibe m'bale. Mayi Eluby anagwedeza mutu monga amagwedezera anthu pa maphunziro, diso limodzi lili pa kireti ya zakumwa. Kumva anamva, koma sizinawalowe.

Tsiku loyamba kulemba ana, dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo tebulo lawo linali pazenera. Wachinayi pa mzere anali Tisungeni, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, mwana wa mayi Leah, mnansi wawo wamasiye. Tisungeni anakomoka masiku anayi, ndipo chitsitsimukireni sankatha kugwira ngakhale dzina la mphunzitsi wake. Mayi Eluby atanyamula envulopu yachinayi, dzuwa linawalira pa pepalalo, ndipo anaona kufiira m'kati. Sanachite dala. Anayang'ana mayi Leah, amene iwo omwe anawaperekeza kuchipatala mwanayo ali lobodo kumsana, ndipo pakamwa pawo panatsogola. Anawauza kuti pa fomu yawo pakusowa tsiku lobadwa, akhale kaye pambali, n'kuitana mwana wina wooneka wathanzi. Envulopu yachisanu inaonetsa kubiriwira, ndipo mwadzidzidzi fomu ya Tisungeni inapezeka kuti ili bwinobwino.

Chimene munthu wachita kamodzi chifukwa cha chifundo, kachiwiri chimapepuka. M'masabata atatu analemba ana makumi asanu ndi limodzi, envulopu iliyonse ikudutsa pazenera. Wooneka wofooka, wa maso ogona, wa kwa agogo okhaokha, ankamusungira lobiriwira. Wooneka bwino ankamupatsa lofiira, n'kumutonthoza mayi ake kuti nthawi yawo ikubwera. Mumtima ankadziuza kuti sanang'ambe envulopu ngakhale imodzi, nambala sanadumphe, angokonza mzere monga akhala akuchitira zaka zonse.

Chaka chimenecho chinali chokoma, tisanamizane. Kachipinda ka ku Domasi, kamene anachita kubwereka, kankadzaza phokoso la ana akuthamangitsa tinsomba ndi zala pa galasi, akukumbukira kuti kanthochi kabisala pati. Mayi Eluby, amene kale foni yawo inali ya mabatani, anafika pomalangiza aphunzitsi a pasukulu kagwiridwe ka tabuleti, ndipo anayamba kuyenda ndi chikwama cha m'manja ngakhale popita kudimba. Mwezi wachisanu ndi chitatu Tisungeni anawerenga yekha mawu a pa thumba la ufa. Mayi Leah anabwera ndi nkhuku, mayi Eluby anaikana kawiri, kachitatu n'kuilandira. A makhadi ofiira nawo sanataye mtima. Mmodzi mwa iwo, mayi Mwanahamisi a kutsidya kwa mtsinje, ankadutsa mwezi ndi mwezi ndi mwana wawo Yusuf kudzangofunsa ngati nthawi yakwana, n'kubwerera osadandaula.

Chaka chitatha, ana onse atayesedwanso, Dokotala Husna anabwera ndi a Malcolm, katswiri wa ziwerengero, munthu wamtali wosadziwa kucheza. A Malcolm sanaonepo mwana ngakhale mmodzi wa ku Domasi, koma manambala anawauza zimene mudzi wonse sunaone. Ku Naisi ndi ku Malosa magulu awiri aja anayamba ofanana. Ku Domasi pafupifupi ana onse amene sanakhoze bwino pa mayeso oyamba anali a khadi lobiriwira. Anati maere sachita choncho, ngakhale mutawachita kambirimbiri mpaka kukalamba. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

"Mayi Makaiko," anatero Dokotala Husna atatseka chitseko, "sitikukuimbani mlandu. Tingofuna kudziwa, maenvulopu aja ankayenda bwanji?"

Akanatha kukana, ndipo palibe akanawagwira. Koma bodza la pamaso silinali khalidwe lawo. Anatenga envulopu imodzi yotsala m'kabati, n'kuiika pazenera, ndipo onse atatu anaona kubiriwira.

"Ndimangothandiza ovutikitsitsa, adokotala. Nanga mwana woti ndikumudziwa mmene akuvutikira, ine ndimupatse lofiira maso anga akuona?"

Dokotala Husna anati mbali ina cholakwa n'chawo, chifukwa anagula maenvulopu opyapyala ndipo sanabwere kudzaona kalembedwe ka ana. Sanakalipe, ndipo mayi Eluby amati bola akanakalipa. Anangofotokoza kuti ana onse a ku Domasi achotsedwa pa kawerengedwe, ndipo otsala a ku Naisi ndi ku Malosa, poti kumeneko analemba ochepa, sakwanira kutsimikizira kanthu.

"Koma Tisungeni akuwerenga," anatero mayi Eluby. "Tiyeni mukamuone, ndi pafupi pompa."

"Ndikukukhulupirirani, mayi. Inenso mumtima ndikuganiza kuti masewerawa amathandiza. Koma mwana wodwala kwambiri amayamba kupezako bwino pakapita chaka, ngakhale osamuchitira kanthu. Akandifunsa kuti wachira ndi masewera kapena ndi nthawi, ndiyankha chiyani? Amene akanandiyankhira ndi ana ofanana naye a khadi lofiira, ndipo kuno kulibe."

Apa ndi pamene nkhani ya feteleza ndi chulu ija inawalowa mayi Eluby, itachedwa ndi chaka chathunthu.

Lipoti linatuluka patapita miyezi isanu. Silinanene kuti masewera amathandiza, silinanenenso kuti sathandiza. Linati sizikudziwika. Amene ankathandiza kafukufukuyo sanaone chifukwa chopitirizira chinthu chosadziwika, ndipo zipinda zonse zitatu zinatsekedwa. Matabuleti anawalongedza m'makatoni mayi Eluby omwewo, ndi manja awo, n'kumanga ndi chingwe. M'kachipinda ka ku Domasi muja tsopano amametamo tsitsi.

Amati chifundo chinapha nkhwali. Koma nkhwali ija inafa yokha, chifundo chake chinathera pa khosi pake. Cha mayi Eluby chinakagwera ana a eni, a ku Domasi, a ku Naisi ndi a ku Malosa, ngakhalenso amene malungowo sanawagwirebe. Chimene chinawapweteka koposa n'chakuti palibe anawatchula. Pa msonkhano wotsanzikana Dokotala Husna anangouza makolo kuti zotsatira sizinakwanire, ndipo anathokoza mayi Makaiko chifukwa chokonda ana. Anthu anaomba m'manja. Mpaka lero mayi Eluby akamadutsa pamsika amayi amawapatsa moni ndi ulemu, ena n'kumatukwana ofufuza kuti anabwera kudzaseweretsa anthu, ndipo iwo amangoyang'ana pansi. Anaonda chaka chimenecho. Ku Mvano anasiya kuyambitsa nyimbo, anzawo n'kumati mwina ndi shuga.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, akuthirira tomato kudimba, anamva odi. Anali mayi Mwanahamisi, atawoloka mtsinje chitenje atachikwinyira m'maondo. Atapatsana moni ndi kufunsana za kunyumba, mlendoyo anati anapita kuchipinda kuja n'kupeza anthu akumetedwa, ndiye amati amve kwa eniake ngati a makhadi ofiira nthawi yawo idzakwanebe. Anati Yusuf akubwereza sitandade thu kachitatu, ndipo anzake ayamba kumutcha agogo. Mayi Eluby anawauza kuti zinatheratu, sizidzabweranso.

"Basi, zimachitika," anatero mayi Mwanahamisi. "Ife tinavomera kalekale. Maere sakondera, anasankha ndi Mulungu."

Mayi Eluby anatula kheni pansi. Anali atasunga nkhaniyi chaka ndi miyezi, ndipo akanatha kuisungabe, koma kunamizira Mulungu kunawalemera.

"Sanali Mulungu, mayi a Yusuf. Ndinali ine."

Anafotokoza zonse, za zenera, za dzuwa, za mzere. Anawauza kuti tsiku lija, Yusuf atafika patebulo, envulopu yake inali ya khadi lobiriwira. Koma iwo ataona mwana wosamba bwino, wovala nsapato ndi malaya osita, anaganiza kuti ameneyu kwawo zinthu zili bwino, angathe kudikira. Anawakhazika pambali n'kuitana wina. Anawauzanso kuti kutsekedwa kwa zipinda zonse kunachokera pamenepo.

Mayi Mwanahamisi sanakuwe, sanatukwane. Anayang'ana madzi akulowa m'nthaka mpaka pamwamba panauma.

"Nsapato zija tinabwereka," anatero. "Malaya anali a msuweni wake. Ndinamusambitsa kawiri, ndimati tikupita kwa madokotala, asakatiseke."

Mayi Eluby anafuna kupepesa, ndipo anapepesadi, koma mawuwo anamveka aang'ono ngakhale kwa iwo eni. Mlendo uja anaimirira, anasasa fumbi pa chitenje, n'kutsanzika mwaulemu womwe anafikira. Posowa chochita, mayi Eluby anathothola tomato wakupsa msangamsanga, anadzaza kabeseni, n'kuwathamangira asanafike pamadzi kuti akapatseko ana. Mayi Mwanahamisi anathokoza ataphatikiza manja, nati kunyumba tomato alipo. Anawoloka mtsinje osacheuka, ndipo mayi Eluby anatsala chiimire ndi kabeseni kawo, akudziwa bwino lomwe kuti kunyumba kumeneko kulibe dimba.