Ng'ombe za a Fanizo

Mukafunsa m'makola a ku Champiti kuti ng'ombezi zinachokera kuti, ambiri amayankha kuti ndi za a Fanizo. Chodabwitsa n'chakuti a Fanizo, amene mpingo wathu ukuwakumbukira mwezi uno, sanakhalepo ndi ng'ombe yawoyawo ngakhale imodzi. Amene anandimasulira nkhaniyi ndi mayi Enelesi, omwe anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pa njala ya 1949.

A Fanizo anabadwa cha m'ma 1890. Makolo awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo anakulira kubusa, kudyetsa ng'ombe za eni. Anabatizidwa atakula kale. Kuwerenga sankadziwa, koma Lamulungu lililonse ankayamba kufika kutchalitchi n'kusesa. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu sanandipatse khola, anandipatsa miyendo." Mkazi wawo anamwalira pobereka, ndipo sanakwatirenso.

Kuyambira 1925 ankaweta ng'ombe za a Kingston, munthu amene anabwera ndi chuma kuchokera ku Joni n'kutsegula masitolo ku Nsipe. Ng'ombe zawo zinkapitirira mazana awiri. A Kingston sanali woumira, koma ankakonda kuti akamapereka pakhale anthu oonerera. Achuma amasiku ano amatenga wojambula zithunzi. Iwo ankatenga woimba belu.

Njala itafika povuta, a Kingston analengeza m'tchalitchi kuti aliyense wosowa abwere kwawo Loweruka, aime pa mzere, alandire chimanga. Ambiri anapita. Koma mayi Zelesi, amayi awo a Enelesi, anakana. Anali wamasiye wa m'banja limene kale linali ndi khola lalikulu.

"Bambo a ana awa sanaimepo pa mzere wa munthu," anatero. "Ine ndikaime lero kuti m'manda aseke?"

Apa n'kuti mapazi a Enelesi atayamba kutupa. A Fanizo anawaona, ndipo anadziwa kuti mwanayo safika nthawi ya chimanga chachiwisi.

Mvula inali itabweranso, msipu utamera, ng'ombe zikutulutsa mkaka. A Fanizo anapita kwa bwana wawo.

"Bambo, muli pa mavuto. Khola lathina, matope akufika m'mawondo. Ziboda ziyamba kuola."

Sananame, matopewo analipodi.

"Ndiye timange lina," anatero a Kingston.

"Makolo athu sankamanga lina. Ankaikiza."

Kuikiza ndi mwambo wakale wa Angoni kuno. Mwini ng'ombe amapempha banja lina kuti limusungire. Wosungayo amamwa mkaka, amatenga ndowe, ndipo m'kupita kwa nthawi amapatsidwa thole, mwana wa ng'ombeyo. Koma mwambowu uli ndi munga wake: wopempha ndi mwini ng'ombeyo. Amapita yekha, kuvula chipewa, n'kukhala pansi.

"Iwe Fanizo, ine ndikakhale pa dothi pakhomo pa mmphawi?"

"Thalauzi ndichapa ine, bambo."

A Kingston anakwiya masiku awiri. Tsiku lachitatu anapita kwa mayi Zelesi, a Fanizo akukoka ng'ombe yamkaka ndi mwana wake. Mayi Enelesi amakumbukira munthu wamkulu uja atakhala pansi, chipewa chili pabondo.

"Mayi, ndabwera kudzadandaula. Khola landichepera. Mundithandize."

Mayi Zelesi anayang'ana ng'ombe, anayang'ana mwana wawo, kenako anati, "Ndiganize kaye."

Anaganizadi, mpaka a Kingston miyendo inachita dzanzi.

"Chabwino, poti mwavutika. Koma ikamadya za eni musadzandinene."

Panatsala vuto limodzi. Masiku amenewo mkazi sankalowa m'khola, ndipo pakhomopo panalibe mwamuna. A Fanizo anamanga kakhola, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera kudzakama asanapite ku ntchito yawo. Pofika mwezi wa Febuluwale, a Kingston anali atakhala pa dothi m'makomo khumi ndi anayi, ndipo akuti anayamba kuzolowera. M'makomo asanu a akazi amasiye, wokama anali a Fanizo. Iwo sankalawako mkakawo, ankati ndi wa ana. Mapazi a Enelesi anaphwa.

A Kingston atamwalira mu 1953, abale awo anati a Fanizo ndi amene anamwaza chuma cha banja, ndipo anawachotsa ntchito. Matole analipo kale m'makola a anthu, ndipo mwambo sunkalola kuwalanda. A Fanizo sanadandaule. Anabwerera m'kanyumba kawo, miyendo ija itayamba kukana, koma kusesa m'tchalitchi sanasiye. Akhristu akawabweretsera ufa, ankautumiza kwa ena. Anayamba kuonda.

Tsiku lina m'mawa anamva "Odi!" Potuluka anapeza mayi Zelesi atakhala pa dothi, mwamuna wa mwana wawo wamkulu atagwira chingwe cha ng'ombe yamkaka.

"Achimwene, ndabwera kudzadandaula. Khola landichepera."

"Ng'ombe zitatu zomwe zija?"

"Zimagona mofulatirana, sizigwirizana. Mundithandize."

A Fanizo anaseka mpaka misozi. Kenako anapukuta m'maso nati, "Ndiganize kaye."

Ng'ombeyo anaisunga zaka zinayi. Anamwalira mu 1958, Lamulungu m'mawa, atatsamira mtengo wa khola, chikho cha mkaka chili pambali, atavala kale malaya a kutchalitchi.

Dzina la a Kingston lili pa belu lathu, ndipo liyenera kukhalapo, chifukwa munthu wachuma kukhala pa dothi kakhumi ndi kanayi si chinthu chapafupi. La a Fanizo silinalembedwe paliponse. Koma abale, mukafuna kuthandiza munthu amene sangatambasule dzanja, kumbukirani njira yawo: vulani chipewa, khalani pansi, ndipo wopempha mukhale inuyo.