Fulasiki ya Abiti Saidi

Chifuwa chinayamba m'mwezi wa Meyi, tikutola thonje. Ndinati ndi fumbi chabe. Pofika Juni ndinkadzuka zovala zitanyowa ndi thukuta, chakudya sichinkalowa, ndipo chitenje chinayamba kundikulira m'chiuno. Sindinauze munthu.

Ndinabisa chifukwa cha mwana wanga Felista. Ndi yekhayo amene Mulungu anandisiyira bambo ake atamwalira, akugwira ntchito ya njanji kuno ku Nkaya. Anamaliza digiri ya masamu, ndipo chaka chimenecho anasankhidwa kukapitiriza maphunziro a makompyuta ku Mangalande. Ine ndinalekeza sitandade sikisi, kompyuta ndinali ndisanaione. Iye anandifotokozera kuti pali masamu ena aakulu, monga olosera za mvula, amene makina amodzi angathe chaka akuwerengera. Ndiye amawaduladula n'kugawira makina ambirimbiri kuti agwire nthawi imodzi, monga timachitira pa dima. Ulendo unali wa kumapeto kwa Seputembala. Masiku amenewo a chipani chimodzi chilolezo chotuluka m'dziko chinkavuta, ndipo wochiphonya sankadziwa ngati adzachionanso. Ndinati ndipirire, mwana ayambe wakwera ndege.

Chakumapeto kwa Julayi ndinalavula magazi pamjigo. Anandiona ndi Abiti Saidi, mnansi wanga wachisilamu. Anati, “Amake Felista, ichi si chimfine iyayi.” Mawa lake tinakwera sitima ya ku Balaka. Kuchipatala anandipatsa timabotolo toti ndilavulemo makhololo m'mawa masiku atatu, kenako tinadikira zotsatira sabata yathunthu. Adokotala anati, “Ndi chifuwa chachikulu, mayi, ndipo mwachedwa nacho. Mugona kuno miyezi iwiri, jakisoni tsiku lililonse.” Ndinawerenga ndi zala. Miyezi iwiriyo inkapitirira tsiku la ulendo.

M'wodi tinkadzuka tambala atangolira. Anamwino ankabwera ndi mapilitsi, tonse n'kumwa iwo akuona, kenako mzere wa jakisoni. Lolemba lililonse tinkakwera sikelo. Wodwala aliyense ankafunika womudikirira woti aziphika, kuchapa ndi kutunga madzi, pakuti ine ngakhale kupita kubafa ndinkachita kugwiridwa. Felista anabwera n'kuyala mphasa pansi pa bedi langa. Tsiku lachinayi ndinaona akulemba kalata yokana malo ake. Ndinamupempha kuti asaitumize msanga. Ndinapemphera kolona, ndipo ndinadziwa kuti kubisa kwanga kuja ndiko kukumulanda chimene ndinkafuna kumusungira.

Amayi asanu ndi mmodzi anadzipereka kuti azisinthana, atatu a kutchalitchi kwathu, atatu a kumzikiti. Felista anati ayambe wayesa ngati zitheke. Analemba ndondomeko yokongola ya mizeremizere, aliyense masiku ake awiri, n'kupatsa aliyense pepala lake, iye n'kupita ku Blantyre kukakonza za ulendo. Lachiwiri kunabwera amayi awiri, aliyense ndi ufa wake. Lachinayi ndi Lachisanu sikunabwere munthu. Amene anandimwetsa phala ndi wodikirira wodwala wa bedi loyandikana nalo. Mwa amayi aja, anayi sankadziwa kuwerenga, ndipo anachita manyazi kumuuza mwana wa digiri.

Felista atabwerako anatulutsanso kalata ija. Anati, “Amayi, n'zomwezi zimene ndimati ndikaphunzire. Kugawa ntchito n'kosavuta. Chovuta n'choti aliyense adziwe pamene mnzake wafika.”

Abiti Saidi anali pomwepo akutsuka fulasiki yawo ya buluu. Anati, “Iwe mwana, pepala lakolo ukawerengere Azungu. Nyumba imene mwagona fulasiki iyi, mwini wake mawa akwera sitima. Ali kuchipatala sachoka asanaone nkhope ya mnzake. Atenga fulasiki kwa mnzakeyo, akafika kumudzi aipereka pamanja kwa wotsatira, osatuma munthu.” Anagwirizananso kuti Lachisanu azikhala Mkhristu, Lamulungu Msilamu, kuti wina asaphonye mapemphero.

Felista anakhalabe masabata atatu akungoyang'ana. Fulasiki ija inkabwera ndi tiyi, n'kubwerera ndi amene wamaliza masiku ake, ndipo sipanadumphe tsiku ngakhale limodzi. Magazi anasiya, thukuta linachepa, sikelo inayamba kukwera. Nditabayitsa jakisoni wa makumi anayi ndinayenda ndekha mpaka pachipata. Tsiku limenelo Felista anandipatsa kalata ija m'manja, ine n'kupatsa Abiti Saidi kuti ayatsire moto. Felista ananyamuka ndikadali m'wodi, ndipo ndinamudalitsira pakhonde la chipatala.

Ndinatuluka mu Okutobala, n'kupitiriza mapilitsi kunyumba mpaka chaka chotsatira osadumphitsa. Lero padutsa zaka ziwiri. Ndimalima ndekha, kungoti khutu lamanzere silimva bwino, akuti ndi jakisoni uja. Felista amalemba mwezi uliwonse. Akuti makina amene akugwiritsa ntchito amadzaza chipinda, ndipo nawonso amadikirana. Abiti Saidi akamva amangoti, “Mumuuze awagulire fulasiki.”

Ndikuthokoza Mulungu, anamwino aja, ndi amayi asanu ndi mmodzi amene anandinyamula. Amayi anzanga, chifuwa chikapitirira masabata atatu pitani mukapimitse makhololo. Musabise poti mukuteteza mwana. Ine ndinabisa miyezi itatu, ndipo ndinatsala pang'ono kumutayitsa mwana wanga zonse ziwiri, sukulu ndi mayi ake.