Ngolo Imene Inatsekeredwa pa Kamtedza

Ndaona kuti n'koyenera kulemba nkhaniyi chifukwa anzanga a ku koleji akandifunsa kwathu ndimangoti ku Chinsapo, pamene malo amene ndinabadwira dzina lake ndi Kamtedza. Dzinali silimvekanso, ndipo achikulire olidziwa atsala ochepa.

Kamtedza kanali kamudzi ka mbumba imodzi, ya kuchikazi kwa amayi anga, yolima mtedza ndi chimanga. Pakati pa minda pankadutsa njira ya ngolo yotsikira kudambo kumene kunali madimba. Njirayo inalibe mwini. Tauni itayandikira, amalume anayamba kugulitsa mapuloti mbali zonse ziwiri, koma palibe amene anakumbukira kuyeza njira n'kuipatula, poti kwathu njira inkadziwika ndi mapazi, osati ndi zikhomo.

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. M'dzinja ngolo ya atate inkapuma kuseri kwa nyumba, ndipo m'miyezi imeneyo ogula anamanga mipanda ya njerwa. Mvula itatha, tinapakira manyowa opita kudimba, atate n'kumanga ng'ombe pagoli. Fungo la ndowe linkasakanikirana ndi la simenti yaiwisi. Ng'ombe zinalowa mumpata modzipanikiza, koma mateyala anakhula khoma uku ndi uku, ngolo n'kuima.

"Madala, ikani rivesi!" anafuula mmisiri wina ali pamwamba pa khoma, anzake n'kufa nacho chiseko.

"Ng'ombe ilibe rivesi, mwana iwe," anatero atate. "Njira yathu mwaiika kuti?"

Mwini mpandawo, Che Jafali, telala wochokera ku Mangochi, anatuluka atakoleka tepi m'khosi. "Pepani achimwene, ine anandionetsa zikhomo. Za ngolo sanandiuze."

Ndinayembekezera kuti atate akalipa, koma anangoyang'ana cha kunyumba kwa amalume, n'kuweramitsa mutu. Atate anali mkamwini, ndipo mkamwini sayankhula za nthaka ya eni ake. Tinamasula ng'ombe, tinakankha ngolo chafutambuyo, ndipo manyowa tinasenza pamutu m'matumba mpaka khosi kuuma.

Mbali zina zonse zinali zitatsekedwa kale. Ng'ombe zinagulitsidwa chaka chomwecho, koma ngolo ikadali kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Atate amakana kuiphwasula. Amati inalowa yathunthu, idzatulukanso yathunthu.

Panthawiyo ndinkaona ngati Che Jafali ndiwo anatilakwira. Lero ndikuzindikira kuti chinthu cha tonse ndicho chimayamba kutayika, chifukwa pa tsiku logawana chimasowa wochiyankhulira.

Zimene ndalembazi ndinaziona ndi maso aubwana, ndipo za amalume ndinamva mbali imodzi yokha. Ngati alipo wobadwira pa Kamtedza amene waona pamene ndalakwitsa, chonde andikonze kudzera kwa akonzi a nyuzipepala ino, atate akadali moyo kuti ndikawawerengere.