Akuluwa Sazilandira

Nditayamba ntchito pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, anandipatsa miyezi itatu yoti andione ngati ndikutha. Ntchito yake inali kulemba pulogalamu yosonyeza kutentha kwa makina oumitsira tiyi, kuti amanijala a fakitale aziona pa kompyuta m'malo modikira pepala. Ikakanika, ndibwerere kwathu ku Kasungu. Ine ndine wokayikira anthu chibadwire, ndipo pamalo pachilendo khalidweli limakula.

Seva, kompyuta yaikulu imene pulogalamuyo inkayenera kukhalamo, inali m'kachipinda kuseri kwa ofesi. Makiyi ake ankasunga bambo wina wa ku Khonjeni, amene anayamba ngati kalaliki wa kumunda n'kudziphunzitsa yekha za makompyuta. Bambowo sankalankhula zambiri, ndipo akatembenukira anzawo ankasinthira ku Chilomwe. Akaseka, ine ndinkati akuseka ine basi.

Pulogalamu nditaimaliza ndinaikompaila, ndiko kuti kusandutsa zimene ndalemba kukhala zimene makina amamva. Pa laputopu yanga, kakompyuta ka m'manja, inkathamanga bwinobwino. Tsiku loiika pa seva, bambowo anaima pakhomo, makiyi ali m'manja.

"Achemwali, mwapangira pa makina anu atsopanowo?"

"Eya, bambo."

"Ndiyetu akuluwa sazilandira zimenezo."

Mtima unandiwawa. Akulu pa esiteti ndi amanijala, ndiye kuti munthuyu wakandinenera kale ndisanayambe n'komwe? Amati kufunsa n'kudziwa njira, koma ine sindinafunse.

Pulogalamu inakanadi kudzuka. Seva inalavula mizere yambirimbiri ya Chingerezi, ine n'kungowerenga woyamba wokha, popeza mlandu ndinali nditaweruza kale. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinayamba kuwalondalonda bambowo. Amafikiranji m'mamawa ine ndisanafike? Nanga kansalu amalowa nako m'kachipindako n'kachiyani? Ndinafika popanikiza kapepala pachitseko poweruka, kuti ndione ngati amatsegula ine kulibe. Ndinakapeza katagwa pansi, ndipo ndinakondwa ngati ndagwira mbala.

Sabata yachiwiri ikutha ndinapita kwa amanijala.

"Sindikunena kuti ndi bambo aja akuononga pulogalamuyi, bwana," ndinatero, "koma makiyi ali ndi munthu m'modzi."

Lolemba makiyi anali m'manja mwanga. Bambowo anawasamutsira kunyumba yosungira makasu ndi madengu othyolera tiyi, kumapeto kwa esiteti.

Nditakhala ndekha m'kachipindamo, ndinayesanso. Inakananso. Pamenepo panalibe wina womunamizira, choncho ndinawerenga mizere ija mpaka kumapeto. Nkhani yake inali yoonekeratu. Pa seva pamakhala pulogalamu imene imayendetsa zinzake zonse, ndipo ya pamenepa inali veshoni yakale, kapena kuti mtundu wakale. Ine ndinali nditakompaila pa yatsopano, imene yakaleyo singaimve. Nditasuzumira kumbali kwa seva ndinaona pepala lomatidwa, lolembedwa pamanja: "Akuluwa musawasinthe, zoyezera kutentha za kufakitale zimamvana ndi iwowa basi. Chilichonse chipangidwire veshoni yawo." Pansi pake panali nambala ya veshoniyo.

Akuluwa anali seva. Bambowo ankailemekeza ngati munthu wachikulire, ndipo anandiuza vuto langa tsiku loyamba lomwe.

Ndinasintha mzere umodzi wokha, wouza pulogalamu yokompaila kuti ipangire veshoni yakale, n'kukompailanso. Pulogalamu inadzuka nthawi yomweyo. Amanijala atabwera kudzaona manambala akuyenda, anagwedeza mutu.

"Mwaona? Tangowachotsa, zatheka. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona. Kenako ndinakumbukira kuti miyezi itatu ija inali isanathe, n'kungoti, "Zikomo, bwana." Manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Patapita masiku ndinakumana ndi bambowo pa kanjira ka pakati pa tiyi, kuli chiperoni, nkhungu ndi kamvula kowaza. Ndinafuna kupatuka, koma tiyi amamera mothithikana, munthu sungadutsemo.

"Achemwali, akuluwa alandira?"

"Alandira, bambo."

"Chabwino. Muziwapukuta m'mawa uliwonse, chinyezi chimawalowa."

Anapisa m'thumba la jekete n'kundipatsa kansalu kaja, kochapa, kopindidwa bwino.