Ndinakopera maonekedwe a tsamba la eni, alamu anga ntchito inawathera

Alamu anga achotsedwa ntchito chifukwa cha ine. Inu owerenga, mvetserani bwino kuti zisakuonekereni.

Ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Chaka chatha ndinatsegula tsamba la pa intaneti loti antchito tizikambiranapo za maliro, za mpira ndi mavuto a m'malayini. Aliyense ankalowa ndi dzina lake lenileni. Anthu sanabwere. Ankati tsambalo likuoneka la ku ofesi.

Ndiye ndinalisintha kuti lifanane ndi tsamba lina lotchuka, lomwe anthu amalembapo mobisa mayina. Ndinakopera mtundu wake, kayalidwe ka mauthenga, ngakhale kamutu kotuwa koima m'malo mwa chithunzi cha munthu. Pa foni yanga pankangooneka kamutuko ndi uthenga, chifukwa sikirini ndi yaing'ono. Ndinaganiza kuti mayina abisika. Pa kompyuta sindinayese.

Anthu anakhamukirako. Alamu angawo, akazi a malemu achimwene, amathyola tiyi. Tikuchokera ku tchalitchi anandifunsa kuti, "Alamu, pajatu sadziwana eti, ngati kuja?" Ndinati eya.

Alamuwo analemba pa tsambalo kuti kapitawo wina amauza amayi ofuna kulembedwanso ntchito dzinja kuti azikakumana naye kuseri kwa fakitale. Amayi ambiri anavomereza pansi pa uthengawo kuti ndi zoona, koma woyambitsa anali iwo. Lolemba ndinapeza kapitawoyo atawerama pa kompyuta ya mu ofesi. Pambali pa kamutu kotuwa panali dzina lonse la alamu.

Tsambalo ndinalitseka tsiku lomwelo, koma madzi anali atatayika kale. Mvula itayamba anzawo analembedwa, iwo anauzidwa kuti malo atha. Nyumba ya m'malayini atulukemo mwezi uno ukamatha. Ali ndi ana, ndipo kwawo ku Khwethemule alibe munda. Ndagwada kwa abwana, akuti tibweretse mboni. Ndayenda khomo ndi khomo kwa amayi aja, yankho ndi limodzi: "Ifenso tili ndi ana, achimwene." Ndasowa kolowera.

Inu owerenga, anthu akaona chinthu chofanana ndi chomwe amachidalira, safunsanso kawiri. Musakopere maonekedwe a tsamba ngati simunakopere chitetezo chake, ndipo musanauze munthu kuti dzina lake labisika, yesani pa makina aliwonse.

Alamu sanandikalipire. Dzulo anangondifunsa ngati ku ofesi kuli makatoni otsala.